Timabowo ta masikuluwu pa matabwa a panja, tizitseka ndi chani?

Mukamayenda mu Chipata muno, kaya ku Kalongwezi, ku Moth, ku Kapata olo ku Nabvutika, tayesani kukweza maso muone matabwa aja amazungulira m'mphepete mwa denga, amene timati fasha bodi. Nyumba zambiri ndi zokongola ndithu, malata atsopano, khoma lowala, koma pathabwa paja muona timadontho tofiirira tili pamzere, kalikonse ndi mchira wake wa dzimbiri wotsikira pansi. Pena chomatira chinagwa kalekale, patsala kabowo kakuda. Pamenepo ndi pamene panalowa sikuluwu, ndipo ndi pomwe thabwa limayambira kuola.

Ine ntchito yanga ndi ya matabwa, ndipo nkhani iyi imandikhudza maningi chifukwa thabwa sizinthu zotchipa masiku ano, munthu wavutika kusunga ndalama, wagula, walipira kalipentala, ndiye pakangodutsa mvula ziwiri zitatu thabwa lija layamba kufewa chifukwa cha kabowo kosakwana ngakhale nsonga ya chala. Eni nyumba ambiri amati aa, pamenepo apenta adzaphimba ndi penti. Penti siitseka bowo. Imangoyala kakhungu pamwamba, ndipo kakhungu kameneko kamang'ambika mvula yoyamba yomwe.

Chifukwa chimene timamizira mutu wa sikuluwu mkati mwa thabwa chili poyera, tifuna pamwamba pakhale posalala komanso chitsulo chibisike ku mvula. Timaboola kabowo kotsogolera, kenako ndi biti ya kauntasinki timakulitsa kukamwa kwake kuti mutu ukhale pansi pang'ono. Manje vuto ndi lakuti mukatero mwadula mitsempha ya thabwa. Thabwa mkati mwake lili ngati nzimbe, timitsempha tonse timayenda m'litali, ndiye madzi akagwera pambali amangotsetsereka koma akapeza podulidwa amalowa mofulumira n'kuyenda mkati. M'mbali mwa kabowo kaja muli mitsempha yodulidwa yokhayokha. Ndiye tangoganizani mvula yathu ya kuno kum'mawa, yoyamba mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, ina yobwera ndi mphepo yowomba chammbali, yonseyo ikumenya pathabwa lomwelo.

Chinanso chimene anzathu ambiri saganizira ndi chakuti thabwa silikhala phee. Nthawi ya dzinja limamwa chinyontho n'kufufuma, ikafika Seputembala ndi Okutobala limauma n'kubwerera, ndipo limachita zimenezi m'lifupi, m'litali pafupifupi silisuntha. So kabowo kozungulira kaja chaka chilichonse kamakula mbali imodzi n'kuchepanso. Mukaikamo chinthu cholimba gwa chosagwirana bwino ndi mtengo, m'mphepete mwake mumachita kamng'alu kochepetsetsa kozungulira, madzi alowa, afika pamutu wa sikuluwu, dzimbiri layamba. Ndipo dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limakankha chomatira chija kuchokera mkati mpaka chituluke. Mbali ya nyumba yoyang'ana kumpoto ndi kumadzulo ndi imene imayamba kuonetsa, chifukwa ndi imene dzuwa limawotcha kwambiri.

Ndiye tisanakambe za chotsekera, sikuluwu yeniyeniyo ndi yotani? Apa ndipempha ndithu, masikuluwu akuda aja a siling'i musawaike panja. Anapangidwira kugwira mabodi a jipisamu mkati mwa nyumba mouma, ndi otchipa, ndi akuthwa, amalowa bwino, n'chifukwa chake aliyense amawakonda, koma akangonyowa amachita dzimbiri msangamsanga, komanso ndi ouma moti amathyoka thabwa likamakoka. Achikasu aja ali bwinoko pang'ono chabe, zinki yake ndi yopyapyala. Mukapita kumahadiweya a ku Down Shops funsani a galavanaizi enieni otuwa aja, kapena a stainless steel ngati thumba likulola. Pa fasha bodi ya nyumba imodzi masikuluwu sakhala ambiri moti mungasauke nawo. Ngati thabwa lanu ndi paini wothira mankhwala uja wobiriwira, dziwani kuti mankhwalawo muli kopa, ndipo kopa pamodzi ndi chinyontho amadya chitsulo wamba mofulumira kuposa thabwa losathira. Mitengo yolimba yambiri nayo ikakumana ndi chitsulo pali madzi imatulutsa banga lakuda lozungulira sikuluwu, lomwe pa vanishi limaoneka moipa ndipo kulichotsa n'kovuta.

Thabwa likhalenso louma. Paini amene timagula m'mayadi, kaya wa ku Copperbelt kaya wochokera ku Malawi, nthawi zambiri amafika akadali ndi madzi, mukamunyamula mumamva kulemera ndi kuzizira m'manja. Musanjikeni pamthunzi, pakati pa thabwa ndi thabwa ikani timitengo kuti mphepo izidutsa, apume masabata angapo. Mukamata bowo pathabwa laliwisi, olo mugwiritse ntchito chomatira chodula bwanji, thabwa likamauma lidzachisiya.

Zimene ndimaona anthu akumatira n'kulephera ndi izi. Utuchi wosakaniza ndi guluu woyera, umenewo ndi wabwino pa tebulo ndi kabati za mkati, ifenso timachita, koma guluu woyera wamba akanyowa amafewa n'kubwerera m'mbuyo. Fila ya ufa ija ya ming'alu ya makoma a mkati nayo imamwa madzi n'kufumbutuka, siinapangidwire thabwa loyenda. Ndiye pali silikoni, amene anyamata ambiri amuyesa mankhwala a chilichonse. Silikoni penti siimugwira, mukapaka imathawa n'kusiya diso, ndipo tsiku lodzakonza mudzavutika chifukwa pomwe panali silikoni china chilichonse chimakana kumata mpaka mutapala thabwalo. Wina wa mu chubu yemweyo wa akiliki amalola penti, koma amanyala akamauma n'kusiya kachigwa pakati, malo ake enieni ndi pamzere pomwe felemu yakumana ndi khoma.

Njira yakale imene amdala athu ankagwiritsa ntchito ndi pati ya magalasi, yomwe ija yomatira galasi pawindo. Imeneyo ndi choko wosakaniza ndi mafuta a linseed, ndipo ubwino wake ndi wakuti imakhala yofewa mkati nthawi yaitali, imatsatira thabwa likamayenda. Koma ili ndi lamulo lake, muyambe mwapaka pulaima mkati mwa bowo n'kuuma, apo ayi thabwa limayamwa mafuta onse pati n'kutsala youma yofumbutuka. Muikande m'manja ifewe, kanikizani ndi chala kenako salazani ndi mpeni, dikirani sabata olo ziwiri ichite khungu, ndiye mupake penti ya mafuta. Musaisiye nthawi yaitali yosapenta, mbalame zimaijompha chifukwa cha mafuta aja. Pa timabowo ting'onoting'ono ta misomali ndi masikuluwu ochepa ine ndilibe nayo vuto, ndipo ndi yotchipa kuposa zonse.

Ambiri manje anathamangira ku bodi fila, ija amagwiritsa ntchito owongola magalimoto. Ndimamvetsa chifukwa chake, imauma msanga, siinyala, imapalika bwino ndi sandipepa, ntchito yonse mumamaliza tsiku lomwelo. Mumatapa pang'ono pakabodi, kuthira hadena, mankhwala ake oilimbitsa aja, kadontho chabe, pafupifupi magawo awiri pa 100, kusakaniza mpaka mtundu ufanane, ndiye muli ndi mphindi zinayi kapena zisanu isanagwire, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala ngakhale zimenezo sizikwana, so musasakanize yambiri, ya mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Muikanikize ndithu ifike pansi pamutu wa sikuluwu pasatsale mphepo, isefukire pang'ono pamwamba, pakatha mphindi 20 kapena 30 palani ndi sandipepa ya 80 kenako ya 120. Koma muzidziwa zinthu ziwiri, ikauma imalimba gwa, siyenda ndi thabwa, ndiye pabowo lalikulu kapena pathabwa lonyowa idzachita kamng'alu kozungulira kaja. Chachiwiri, yokha yosapenta imamwa chinyontho, choncho pulaima ipakidwe tsiku lomwelo, osati kudikira mawa. Ngati mutu wa sikuluwu wamira mamilimita atatu okha ndipo thabwa ndi louma, imakhalitsa ndithu. Kuchepera pamenepo fila imakhala yopyapyala, ilibe pogwira, imasendeka.

Epokisi, guluu uja wa mbali ziwiri zosakaniza, ndiye imagwira mtengo kuposa zonsezi ndipo madzi salowa. Yamadzimadzi ija mukhoza kuisakaniza ndi utuchi wosalala wa sandipepa ilimbe isamayenderere. Vuto ndi mtengo wake, komanso dzuwa limaiononga ikakhala yosaphimba, ndiye nayo ifunika penti pamwamba. Ine ndimaisungira malo ovuta, monga pansi pa felemu ya chitseko ndi pa silo, thabwa la pansi pa windo, pomwe madzi amaima.

Koma mukandifunsa ine chimene ndingaike panyumba ya amayi anga, ndi kapulagi ka mtengo. Bowo la thabwa litsekedwe ndi thabwa. Njira imeneyi ndi imene opanga mabwato a matabwa akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, ndipo ngati imapirira pamadzi, mvula yathu siingailephere. Chinsinsi chake n'chakuti kapulagi kakachokera kuthabwa lomwelo ndipo mitsempha yake mwailoza mbali imodzi ndi ya thabwa, dzinja likafika zonse zimafufuma limodzi, chilimwe zimabwerera limodzi, palibe chokokana.

Mmene timachitira ndi motere. M'malo mongokulitsa kukamwa kwa bowo, mumaboola bowo loongoka la mamilimita 10 m'lifupi, lakuya mamilimita 6 mpaka 7. Fasha bodi yambiri imakhala mamilimita 25 isanapalidwe, ikapalidwa imatsala 22 kapena pamenepo, so musapitirire gawo limodzi mwa atatu, sikuluwu ifunika nyama yoti igwire pansi pake. Yambani ndi bowo lalikululo, laling'ono lotsogolera pambuyo, mukayamba ndi laling'onolo biti yaikulu imavina n'kung'amba m'mphepete. Mangani sikuluwu. Kenako tengani chidutswa chotsala cha thabwa lomwelo, ndi pulagi kata, biti yodulira timapulagi, ya saizi yomweyo dulani timapulagi pankhope pa chidutswacho, osati kumutu. Pulagi kata imafuna dirilo yoima pa sitandi chifukwa ilibe nsonga yotsogolera, ya m'manja imathawa, koma ngati mulibe boolani kathabwa kena bowo lokwana kunja kwa katayo, kapanikizeni pamwamba ndi kalampu kakhale kolondolera. Timapulagi mumatithyola ndi sikuludiraiva tikadali m'chidutswamo. Chida chimenechi sichipezeka mushopu iliyonse, pena mpaka kutuma munthu wopita ku Lusaka, koma mukagula kamodzi mwagula, ndipo mukapeza ija yodula timapulagi tosongoka pang'ono tengani imeneyo, timathina bwino kwambiri.

Guluu akhale wa panja. Pabotolo yang'anani chilembo, D3 amapirira chinyontho, D4 ndiye wa pamvula weniweni, kapena wa polyurethane uja amachita thovu akamauma, koma ameneyo valani magulovu chifukwa akauma m'manja amasiya kuda kosachoka ndi sopo. Pakani m'mbali mwa kapulagi, osati kudzaza bowo lonse, lozani mitsempha, gogodani pang'onopang'ono ndi hamala mpaka phokoso lisinthe. Musamenye mwamphamvu, pafupi ndi kumapeto kwa thabwa mukhoza kuling'amba. Kasiyeni kali kotuluka mpaka mawa. Podula ndi pamene pamafunika mtima pansi, tchizulo ikhale yakuthwa, dulani kaye pamwamba patali ndi thabwa muone kumene mitsempha ikutsetserekera, ngati ikulowera pansi tembenukani mudulire mbali inayo, ndiye muzisenda pang'onopang'ono mpaka kalingane. Mukafuna kudula kamodzi kokha kamathyokera mkati n'kusiya dzenje, ntchito yabwerera pambuyo. Sandipepa pomaliza. Ngati mukudziwa kuti thabwalo tsiku lina lidzafunika kuchotsedwa, viikani kapulagi mu penti kapena vanishi m'malo mwa guluu, kamatseka madzi bwinobwino koma kamadzachoka osaononga bowo.

Wina afunsa kuti nanga dawelo, timitengo tozungulira togulagula tija, kapena kungosema kamtengo n'kukhomera? Ayi. Dawelo mitsempha yake imayenda m'litali, ndiye mukailowetsa m'bowo mutu wake wodulidwa ndi umene ukuyang'ana kumvula, mwatsegula njira ya madzi yolunjika pa sikuluwu. Komanso thabwa likauma n'kuphwa, dawelo siiphwa nalo, imatsala yotuluka n'kung'amba penti mozungulira. Pa vanishi imaoneka kadontho kakuda. Ngati mulibe pulagi kata, bola kusema kachidutswa ndi tchizulo kuchokera pankhope pa thabwa, zimatenga nthawi koma mitsempha imagona koyenera.

Pa zitseko ndi mafelemu a mlombwa kapena mbawa, zimene anthu amafuna vanishi kuti mtengo uoneke, apa ndiye sindikambanso za fila. Palibe fila imene ingafanane ndi mlombwa, chifukwa mtengowo umasintha mtundu ndi dzuwa pomwe fila imakhala mmene inalili, lero zafanana, chaka chamawa chitseko chili ndi mawanga. Kapulagi kosankhidwa bwino munthu amachita kufunafuna kuti akaone. Ndipo mlombwa wayamba kusowa, mitengo ikuluikulu ija yatha m'madera ambiri, amene ali ndi chitseko cha mlombwa asachisewere.

Nanga amene nyumba yawo yayamba kale kulira dzimbiri? Sikuti mpaka kugula thabwa latsopano ayi. Kolowolani chomatira chakale ndi msomali kapena nsonga ya tchizulo, yesani kumasula sikuluwu, ikatuluka ikani ina yabwino yokulirapo pang'ono. Ikakana, mangani yatsopano chapambali, yakaleyo ipaleni ndi bulashi ya waya, pakani red oxide, penti yofiira yoletsa dzimbiri ija, pamutu, iume. Kenako bayani thabwa mozungulira ndi msomali, pomwe ukulowa mosavuta ndiye kuti paola, semani mpaka mufike pa mtengo wolimba. Kumata pamwamba pa choola n'kutaya ndalama, chimapitiriza kudya mkati ndipo chiswe nacho chimakonda pofewa ponyowa pomwepo. Bowo likakula kuposa chala, fila isiyeni, ikani chigamba cha thabwa. Kwa amene mukukhala m'nyumba zakale zija za nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, penti yakale ya mafuta nthawi zambiri inkakhala ndi mtovu, ndiye popala nyowetsani sandipepa fumbi lisauluke, valani chotseka pamphuno, ndipo ana asasewere pansi pomwe mukupalira.

Chilichonse chimene mwatsekera, chimene chimateteza kwenikweni ndi penti ya pamwamba. Pulaima ya matabwa ija ya pinki, kenako andakoti, kenako makoti awiri a gulosi, ndipo koti iliyonse iume kaye monga alembera pachitini. Ngati thabwa simunalikweze, pakani pulaima kumbuyo ndi kumitu komwe kunadulidwa likadali pansi, chifukwa mukakhoma simudzafikakonso ndipo kumeneko ndi kumene madzi otsika pamalata amabisala. Mitundu yakuda imene yatchuka masiku ano imaoneka bwino, sindikana, koma imatenthetsa thabwa kwambiri ndipo chomatira chimavutika nayo kuposa pa penti yoyera.

Nthawi yabwino ya ntchito imeneyi kuno kwathu ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, thabwa litauma bwino mvula itapita. Mu Juni ndi Julayi dikirani mame aume kaye, musayambe mamawa kwambiri. Ogasiti ndi wabwino koma mphepo yake imanyamula fumbi n'kulimata papenti yaiwisi, so pentani kukakhala bata. Okutobala zinthu zimauma musanazisalaze, ndipo kuyembekezera mpaka mitambo ya Novembala itayamba kusonkhana ndiye kutsekera chinyontho mkati. Ndipo abale anga, mukamakwera makwerero kumbali imene waya wa magetsi wa ZESCO umalowera m'nyumba samalani kwambiri, makamaka ndi makwerero achitsulo, wina agwirire pansi.

Kwa eni nyumba, pokambirana mtengo ndi kalipentala funsani kuti mabowo atseka ndi chani ndipo masikuluwu agula otani, muwaone ndi maso anu asanakwere. Mapulagi amatenga nthawi, pangakhale tsiku lina loonjezera, ndiye musamuumirize munthu mtengo wa utuchi ndi guluu kwinaku mukufuna ntchito ya mapulagi. Kwa anyamata amene mukuphunzira ntchito m'mashedi a ku Kapata, yesererani pa zidutswa zotsala madzulo, timapulagi khumi toyamba tidzathyoka, pambuyo pake dzanja limazolowera.

Palinso malo amene simufunika kumiza sikuluwu n'komwe. Mabulaketi a gata yolandira madzi a padenga, mahinji, kapena kathabwa kotseka pomwe pamadutsa mapaipi kamene mudzafuna kutsegula tsiku lina, pamenepo ikani ya stainless steel, mutu ulingane ndi nkhope ya thabwa osamira, dontheza pulaima m'bowo musanamange, kenako pentani pamwamba pake. Palibe kachigwa kosunga madzi, ndipo pulambala akabwera adzaipeza mosavuta osaswa thabwa.